Amayi Anaulula Chimene Sanachite

Abambo kwawo kunali ku Chiuta. Kuno kwa Nsamala anabwera kudzagwira ntchito yoyala njanji, nthawi imene sitima inkayamba kudutsa pa Nkaya, ndipo anali kale munthu wamkulu, mkazi wawo woyamba atamwalira. Anapeza amayi ali namwali, nawakwatira, nabatizidwa, nakhala mkamwini pamudzi pathu. Ine pokula ndinawapeza ali ndi imvi kale, pamene amayi anali akadali mayi wowongoka, woseka mokweza pachitsime, wosenza mtolo wa thonje mpaka kumsika osatula panjira. Azakhali anga awiri, alongo awo a abambo, kusiyana kwa msinkhu kumeneku sikunawakhalire bwino chiyambire. Akabwera kudzacheza ndi kadengu kawo ka matemba, ankawayang'ana amayi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenaka n'kuyang'anizana okhaokha.

Matenda anayamba m'zaka zimene anthu ankakamba za chitaganya, m'nthawi ya atsamunda, ine nditakwatiwa, mwana woyamba ali kumsana. Abambo akapita kuseri kukataya madzi ankakhalitsa. Kumunda ankasiya khasu pafupipafupi kulowera patchire, pobwerako nkhope ili yothinana. Kutchalitchi, kumene ankatsogolera korona Lamulungu limene ansembe sanabwere, ankatuluka pakati pa mapemphero n'kusiya anthu ali chogwada. Tonse tinkaona, koma palibe ankafunsa. Mwana wamkazi sufunsa bambo ako za mkodzo.

Tsiku lina m'mawa madzi anakaniratu kutuluka. M'munsi mwa mimba munatupa, thukuta lili kamukamu, munthu wamkulu akubuula ngati mwana. Mchimwene wanga anali ku migodi, ndiye amuna anga ndi amene anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Atakhalako masiku angapo abambo anabwera akuyenda okha, akumwetulira. Anati kunali kutsekeka chabe, awapatsa mankhwala, zatha. Amayi anapha nkhuku.

Zenizeni ndinazimva patapita milungu, tikupalira chimanga awiriwiri ndi amuna anga. Ndinawaumiriza chifukwa chibwerere kuchipatala ankangoti akaona apongozi awo aamuna n'kuzyolika. Anayang'ana uku ndi uku ngati mbala, n'kuyamba kufotokoza. Kuchipatalako anayamba awalowetsa kapaipi kuti mkodzo utuluke. Kenaka dokotala wachizungu anawapisa chala kumbuyo, kotulukira chimbudzi, mkamwini ali pomwepo atawagwira mapewa. Atatha, analankhula kudzera mwa womasulira. Anati munthu wamwamuna aliyense ali ndi kanthu pakhosi pa chikhodzodzo, ndipo akamakalamba kamakula n'kupanikiza njira ya mkodzo. Kwa ambiri kamakula kali kofewa, kamangovutitsa basi. Kwa ena mumamera chotupa cholimba. Zotupa zolimbazo zina zimakhala malo amodzi zaka ndi zaka, mwini wake mpaka kufa ndi matenda ena. Koma zina zimayenda, ndipo zikayamba ulendo zimakonda kulowa m'mafupa a msana ndi a m'chiuno. Cha abambo, anatero dokotalayo, chinali cholimba ngati mwala, chamabampu, chitagwira mbali zonse ziwiri, ndipo choterocho sichikhulupirika. Sakananena kuti chiyenda liti, koma anati mwina chayamba kale.

"Nanga mankhwala?" ndinawafunsa amuna anga.

Anakumba pansi ndi khasu pamalo popanda udzu. "Anati njira yochichedwetsa ilipo, kuchipatala chachikulu. Koma ndiye kuwafula. Ngati mmene timachitira mbuzi."

Pobwerera, atafika pamalo popanda anthu, abambo anatsika pa njinga n'kunena kuti, "Akamwini, zimene mwamva kuja zatsala konkuja. Mukazitulutsa pamudzi, ine ndi inu tathana." Kuchipatala sanapondekonso.

Masiku ano pa wailesi amaitcha khansa ya pulositeti, ndipo amaikamba masanasana, ana ali pomwepo. Ndaona azibambo amene anapezeka nayo nakhalabe ndi moyo mpaka kuona zidzukulutudzi. Ndaonanso ena amene inawatenga mofulumira. Abambo inawapatsa dzinja limodzi lamtendere, mwina ndi kachidutswa ka lina. Kenaka anayamba kudandaula msana. Ankati ndi khasu. Msana unatsikira m'chiuno, m'chiuno munatsikira m'ntchafu, miyendo inayamba kutupa, thupi lonse likuuma. Ine ndinadziwa kuti chija chayenda.

Amayi ndinawauza, mozungulira, tikusinja. Anaimitsa musi, kumvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndikayambitsa ine, adziwa kuti akamwini aulula. Anene okha." Anawachonderera kuti abwerere kuchipatala, tsiku ndi tsiku, abambo n'kumangoti, "Mayi, ndi ukalamba uwu, musandivute."

Uthenga utafika ku Chiuta, azakhali anabwera onse awiri. Sanayambe ndi moni weniweni. Aakuluwo anagwada pamphasa, kudina mwendo wa abambo ndi chala chachikulu, pamalopo n'kutsala dzenje. Anatembenukira ang'ono awo.

"Ndaka iyi."

Ndaka ndi chimene ife timati tsempho. Ankati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake akadya amatupa miyendo, msana umaduka, amaonda mpaka kufa. Tinali Akhristu, inde, korona m'khosi, koma mawu amenewo atatuluka palibe anaseka. Zizindikiro zake zinali zomwezo. Mwamuna anali wokalamba, mkazi akadali ndi mphamvu zake. Kwa anthu ofuna nkhani, panalibenso chosowa.

Tsiku lomwelo azakhali analanda nyumba. Chikho cha mchere anachichotsa pamalo pake. Amayi anawauza kuti asaphike chakudya cha wodwala, asamukhudze, asalowe m'mene wagona, chifukwa munthu wotentha akayandikira matenda amakula. Amayi, m'mudzi mwawomwawo, pa nthaka ya amayi awo, anatenga mphasa n'kudzagona kwa ine.

Apa ndi pamene pankandinyansa, ndipo pamandinyansabe. Mlongo saona umaliseche wa mlongo wake. Mwana wamkazi saona wa bambo ake. Amuna anga atayesa kubwera ndi madzi, abambo anawathamangitsa, akuti mkamwini anaona kale zokwanira. Munthu mmodzi yekha padziko amene akanatha kuwasambitsa anali amayi, ndipo ndi amene anawaletsa. Azakhali zimenezi ankazidziwa bwino lomwe. Ankaphika phala, kuwamwetsa mizu, kuwapukuta kumaso ndi m'manja, basi. Kuyambira m'chiuno kupita m'munsi kunalibe mwini. Mkodzo umene kale unkakana kutuluka tsopano unkangodontha wokha osaleka, nsalu ili chinyowere.

Ankhoswe anakumana pakhonde, abambo atawatulutsa pamphasa. Kumbali yathu kunali amalume, mlongo wawo wa amayi, munthu wabwino koma wofooka ngati bonongwe wowiritsa. Azakhali aakulu analankhula nthawi yaitali, Chinyanja akusakaniza ndi Chiyao, akuti iwo sanabwere kudzakangana, akungofuna alamu awo aulule kuti mankhwala agwire ntchito, poti mankhwala a tsempho sachiza wolakwa asanaulule.

"Alamu, ine ndilibe choulula," anatero amayi. "Chikhalire m'nyumba muno sindinadziwe mwamuna wina."

"Ndiye miyendoyi yatupa ndi chiyani? Ndi mphepo?"

Ine ndinalephera kupirira. Ndinali kumbuyo ndi mwana, malo amene sindinayenera kutsegula pakamwa, koma ndinatsegula. Ndinanena zonse: kapaipi, chala, chotupa cholimba, kuyenda kwake m'mafupa. Za kufula zokha ndi zimene ndinameza. Kenaka azakhali aang'ono anawomba m'manja kamodzi.

"Tamverani mwanayu! Za pansi pa nsalu ya bambo ako wazidziwa bwanji iwe? Ndi mmene anakulangira mayi ako? Ndiye tikudabwa chiyani?"

Amalume, m'malo moyankha, anandiuza kuti ndikhale chete. Koma anaitana amuna anga. Anabwera, kukhala patali, chipewa m'manja, n'kunena motsitsa kuti zimene wanena mkazi wangayu n'zoona, ndinamva ndi makutu anga. Ndimawayamika pa chimenecho, ngakhale mawu awo anali ngati a udzudzu.

"Ngwamba, iyayi," anatero azakhali aakulu. "Mkamwini alankhula chiyani pano? Munda akulimawo anamupatsa ndani, si apongozi akewa? Aziwaikira kumbuyo. Mwini matenda ali apayu. Achimwene, tiuzeni. Mzungu ananena zimenezi?"

Tonse tinawayang'ana abambo. Sankayenera kufotokoza chilichonse. Akanangoti "eya," nkhani ikanathera pomwepo. Amayi anali atakhala chapafupi, manja pamiyendo, akuwayang'ana mwachikhulupiriro chimene chimandiwawa ndikachikumbuka. Abambo anayang'ana alongo awo, kuyang'ana amalume, kuyang'ana anthu amene anali atayamba kuunjikana kuseri kwa nkhokwe. Kenaka anatseka maso.

"Kuchipatala anangondipatsa mankhwala. Zinazo ine sindikuzidziwa."

Abambo anga ndinkawakonda. Anali munthu wosamenya, wosamwa, wotisemera tizidole ta mitengo. Koma tsiku limenelo ndinawaona ngati chinthu chimene sungafune kuponda. Anaika pamuyeso zinthu ziwiri, chala cha mzungu ndi dzina la mkazi amene anawaphikira zaka zonsezo, ndipo anaona kuti chala ndiye cholemera. Matenda sanawalankhulitse zimenezo ayi. Mutu wawo unali bwinobwino.

Masiku otsatira zinthu zinaipa. Miyendo inafa, sankathanso kuisuntha, ndipo chimbudzi chinayamba kutuluka osadziwa. Kunali kotentha, nthawi ya mango, ntchentche zili ng'waa pakhomo. Fungo linkafika mpaka kwa ine, kudutsa bwalo lonse. Azakhali ankalowa atadzimanga kansalu pamphuno, kuponya nsanza yoyera kuchokera chapatali n'kuuza wodwala kuti adzipukute, munthu woti ngakhale kutembenuka sakutha. Akatuluka ankalavula, kusamba m'manja, n'kukhala pamthunzi kukazinga matemba awo, akudandaula za nkhanza za alamu awo amene akulola mwamuna kuwola chifukwa chokana kuulula. Anthu amene ankabwera kudzazonda ankaima panja, kufunsa kuti kwacha bwanji, n'kuchoka msanga kukapitiriza nkhani kuchitsime. Amalume ankabwera kamodzikamodzi, kuthira madzi pang'ono mothamanga, n'kuthawa.

Amayi ankakhala pansi pa nkhokwe yanga, pamene pankaonekera chitseko cha nyumba yawo. Sankalira. Abambo akabuula, amayi ankadzuka, kuyenda mpaka pakati pa bwalo, n'kubwerera. Tsiku lina ndinalowa ndi madzi akumwa, nsalu ili yosuntha, ndinaona pantchafu chilonda chili ndi mphutsi. Ndinatuluka kukasanza kuseri. Amayi anandipeza konko n'kundifunsa chimene ndaona, ndipo ndinawauza.

M'mawa mwake anasamba, kuvala nsalu yawo ya kutchalitchi, n'kundituma kuti ndikaitane amalume. Ndinaganiza kuti akufuna kuwathamangitsa azakhali pamudzi, ndipo ndinathamanga mokondwa. Titafika tinawapeza atagwada pakhomo pa nyumba yawo, chitseko chili chotsegula kuti wa m'katimo amve.

"Alamu, ndabwera kudzaulula," anatero. "Ndinayenda ndi mwamuna wina. Nditabwerako ndinathira mchere."

"Amayi!" ndinakuwa. Sananditembenukire n'komwe.

Azakhali aakulu anapumira m'mwamba, nkhope ili ngwee, ngati munthu amene wapeza nkhuku yake yotayika. "Ehee. Mwachita bwino, alamu. Ndani mwamunayo?"

Funso limeneli amayi analikonzekera. Akanatchula wa pamudzi, banja la wina likanasweka. "Dzina sindinamufunse. Anali wodutsa, wogulitsa nsomba pa njinga. Wa kwanu konko ku Chiuta."

Mkati mwa zonyansa zonsezo, pamenepo pokha ndinatsala pang'ono kuseka.

Mizu inali yokonzeka kale, ankangodikira. Anaiwiritsa, kuwapatsa amayi chikho cha mchere chija kuti athire ndi dzanja lawo, monga mwambo unkafunira. Amayi anathira, kutakasa, kulowa nazo. Ine ndinaima pakhomo. Abambo anadzutsa mutu n'kumwa. Ankadziwa kuti n'zabodza, ankadziwa kuti madziwo sangachotse chimene chili m'mafupa mwawo, koma anamwa mpaka kutha, alongo awo akuyang'ana.

"Tsopano mutha kuwasamalira amuna anu," anatero azakhali aakulu.

Amayi anandituma madzi ofunda, sopo ndi nsalu zonse zoyera zimene ndinali nazo. Anatseka chitseko. Ine ndinkabweretsa mitsuko n'kuisiya pakhomo, iwo n'kumatulutsa yakuda. Mphasa anaitulutsa n'kundiuza kuti ndikaitenthe. Nditabwera ndi mtsuko wina chitseko chinali chosatsekeka bwino, ndipo ndinamva abambo akulira, kulira kwenikweni, kofwenthera.

"Mayi, mwanamiranji?"

"Inu munakhala chete, bambo. Ndiye wina amayenera kulankhula. Tukulani mkonowo."

Amayi sanawakalipire. Ndinangomva madzi akufinyidwa m'nsalu.

Kuyambira tsiku limenelo fungo linatha. Amayi ankawasambitsa m'mawa ndi masana, kuwatembenuza, kutsuka zilonda, kuchapa nsalu mpaka zala zinasupuka. Azakhali anauza aliyense kuti mankhwala agwira, taonani wodwala wayera. Koma miyendo sinaphwe. Ululu unakwera mpaka m'nthiti ndi m'mapewa, moti kungowakhudza ankakuwa. Mvula yoyamba isanagwe, abambo anamwalira, mutu uli pamiyendo ya amayi. Anali ndi milungu yokwanira yoti aitane amalume n'kukonza zimene anawononga. Sanatero. Pamaliro azakhali analira mokweza kuposa aliyense, akuti alamu anachedwa kuulula, akanafulumira mlongo wathu akanachira.

Azakhali anabwerera ku Chiuta, koma mawu aja anatsala. Kuchitsime amayi akafika nkhani inkaduka. Akazi amene ankaseka nawo anayamba kuyang'anira amuna awo. Pamaliro ndi pamaukwati ankawapatsa ntchito yotunga madzi ndi kutola nkhuni, kumiphika ya ndiwo osawayandikitsa. Mng'ono wanga, chitsirizira cha amayi, ana anzake ankamuimbira kanyimbo ka wogulitsa nsomba. Mchimwene wanga atabwera kuchokera ku migodi, anamva nkhaniyo pa siteshoni asanafike pakhomo, ndipo anatha masiku osadya za m'manja mwa mayi ake omubala. Kuseka kuja kwa pachitsime sindinakumvenso.

Ndinapsa mtima mpaka ndinakonza zoti amuna anga apite ku mishoni akapemphe womasulira uja abwere, kapena ansembe afunse kwa dokotala, kuti adzanene pamaso pa anthu chimene chinapha abambo. Njinga anali ataipopa kale. Amayi atamva anabwera, kugwira chiwongolero cha njingayo, n'kulankhula ndi ine, poti kwa mkamwini wawo sakanalankhula maso ndi maso.

"Akanene chiyani? Kuti bambo ako anawapisa chala? Kuti ankafuna kuwafula?"

Ndinadabwa, chifukwa mawu omalizawo ine sindinawauzepo.

"Anandiuza okha, ndikuwasambitsa," anatero. "Anandipempha kuti zisamveke. Ndinavomera."

"Ndiye inu muzitchedwa hule mpaka kufa, amayi, chifukwa cha manyazi a munthu amene ali m'manda?"

"Usawatchule choncho, ndi bambo ako. Uwauze akamwini alowetse njingayi m'nyumba, dzuwa liwononga matayala."

Njinga inalowa m'nyumba. Amayi anakhala ndi moyo mpaka kukalamba, ndipo pamudzi palibe anamvapo kuchokera pakamwa pawo kuti ananama. Tsiku limene tinkawaika m'manda, mayi wina wachikulire, wachifundo ndithu, anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti ndisadandaule, Mulungu anawakhululukira kale za wansomba uja.